Muyeso wa Chakudya cha Tsiku ndi Tsiku: Mafunso ndi Mayankho

Pakati pathu masiku ano pali anthu a mitundu iwiri amene adera nkhawa matupi awo, ndipo kawirikawiri onsewo adyera m'nyumba imodzi. Alipo ena amene dokotala wawalangiza kuti achepetse thupi popeza magazi athamanga kapena shuga wakwera. Aliponso ena amene, atadzuka pa mphasa ya matenda kapena atatuluka m'miyezi ya njala, alakalaka kuti mnofu ubwerere pa mafupa awo. Onsewa afunsa chinthu chimodzi, chakuti adye chakudya chochuluka motani pa tsiku. Ndipo popeza akale adati safunsa adadya phula, tasonkhanitsa pano mafunso amene amveka kawirikawiri pa nkhaniyi, kuti tiwayankhe mosathamanga.

Kodi kalori n'chiyani, ndipo ikhudzana bwanji ndi nsima ya m'mbale mwanga?

Kalori ndiwo muyeso wa mphamvu imene chakudya chipatsa thupi. Kalori imodzi ya pa chakudya ilingana ndi kutentha kumene kungakweze kufunda kwa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Muyesowu ngwa kutentha chifukwa thupi limatenthadi chakudya, ngakhale lichita izi mwakachetechete ndi mopanda lawi. Cha m'ma 1780, Antoine Lavoisier wa ku France ndi mnzake Laplace adaika mbira m'chotengera chozingidwa ndi madzi oundana, nayesa madzi amene adasungunuka ndi kufunda kwa kanyamako, naonetsa kuti kupuma kwa chamoyo ndi kuyaka kwa makala ziyenda m'njira imodzi. Patapita zaka zoposa 100, Wilbur Atwater wa ku America adayesa zakudya zamitundumitundu nakhazikitsa ziwerengero zimene dziko lonse ligwiritsabe ntchito kufikira lero: galamu imodzi ya zokhutitsa monga ufa ndi shuga ipereka makalori 4, galamu ya zomanga thupi iperekanso 4, galamu ya mowa weniweni 7, koma galamu ya mafuta 9. Chiwerengero chomalizachi muchisunge mumtima, pakuti nkhani yonse ya kunenepa kwa m'tauni yagona pamenepo.

Mukaona pa paketi palembedwa kJ m'malo mwa kcal, monga zikhalira pa katundu wambiri wochokera ku South Africa, gawani nambalayo ndi 4 ndipo mudzayandikira makalori ake.

Munthu akangogona osagwira ntchito, kodi thupi lake lithabe mphamvu?

Inde, ndipo litha zochuluka koposa mmene ambiri aganizira. Ngakhale munthu atagona chigonere kuyambira tambala woyamba kufikira tambala wa mawa lake, osakweza ndi chala chomwe, mtima wake suleka kugunda, mapapo saleka kukoka mpweya, chiwindi ndi impso sizileka kusefa magazi, ndipo ubongo, umene uli waung'ono poyerekeza ndi thupi lonse, utenga pawokha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zimenezi. Kwa munthu wa ntchito yopepuka, zofuna za thupi ali chigonere zikwana magawo 6 kapena 7 mwa magawo 10 a makalori onse amene atha pa tsiku. Potero aliyense wofuna kudziwa muyeso wake ayenera kuyambira pamenepa, nawonjezerapo za ntchito pambuyo pake.

Nanga ndingawerengere bwanji muyeso wa chigonerewo?

Njira yakale yotchuka adaisindikiza Harris ndi Benedict m'chaka cha 1919, koma imene akatswiri ambiri a kadyedwe aikonda lero ndi ya Mifflin ndi St Jeor, ya m'chaka cha 1990. Ifuna zinthu zitatu: kulemera kwanu m'makilogalamu, msinkhu wanu m'masentimita, ndi zaka zanu. Chulukitsani kulemera ndi 10. Chulukitsani msinkhu ndi 6.25, phatikizani ziwirizo, chulukitsani zaka ndi 5 n'kuchotsa zimenezo, ndipo pomaliza, ngati muli mwamuna wonjezerani 5, koma ngati muli mkazi chotsani 161.

Titenge mayi wa zaka 35 wophunzitsa pa sukulu ya pulayimale, wolemera makilogalamu 70, wamtali masentimita 160. Kulemera kwake kutipatsa 700, msinkhu 1,000, pamodzi 1,700. Tikachotsa 175 za zaka kutsala 1,525, ndipo tikachotsanso 161 kutsala 1,364. Titengenso mwamuna wa zaka 30, mlimi, wolemera makilogalamu 60, wamtali masentimita 168. Iye apeza 600 ndi 1,050, pamodzi 1,650. Kuchotsa 150 n'kuwonjezera 5 kutsala 1,505. Taonani, ngakhale mayiyo alemera koposa mlimiyo ndi makilogalamu 10, thupi lake lifuna zochepa pogona, pakuti thupi la mwamuna likhala ndi minofu yambiri, ndipo mnofu udya mphamvu koposa mafuta ngakhale munthu ali m'tulo. Ndi chifukwa chomwechi zaka zichotsedwa: pamene munthu akalamba minofu yake ichepa, ndipo mbale imene inkamukwanira ali mnyamata iyamba kumusiyira zotsala m'thupi.

Ndapeza chiwerengerocho, kodi ndicho chakudya changa cha tsiku?

Iyayi, mwangofika pakati pa njira. Chiwerengerocho chiyenera kuchulukitsidwa monga mwa kulemera kwa ntchito yanu. Akatswiri a mabungwe a FAO, WHO ndi UNU, amene adakumana ku Rome m'chaka cha 2001, adagawa anthu m'magulu atatu. A moyo wongokhala kapena wa ntchito yopepuka, monga a mu ofesi, a m'sitolo ndi oyendetsa galimoto, achulukitse ndi nambala ya pakati pa 1.4 ndi 1.69, a ntchito yapakatikati, monga amisiri omanga ndi anthu oyenda pansi kwambiri, pakati pa 1.7 ndi 1.99, ndipo a ntchito yakalavulagaga, olima ndi khasu tsiku lonse ndi osenza katundu mitunda yaitali, pakati pa 2.0 ndi 2.4. Mphunzitsi wathu tikamupatsa 1.5 afuna makalori pafupifupi 2,050 pa tsiku kuti thupi lake likhale monga lilili. Mlimi uja, m'masiku ogalauza ndi opalira, tikamupatsa 2.1 afuna pafupifupi 3,150. Koma chilimwe, zokolola zili m'nyumba ndipo khasu lapachikidwa, muyeso wake ungatsike kufika cha pa 2,550.

Pamenepa ndipo anthu asokera, ndipo asokera mbali ziwiri. Wa mu ofesi, amene akwera minibasi m'mawa, nakhala pa mpando kufikira madzulo, nathamangako pa bwalo Loweruka lokha, adziika m'gulu la ogwira ntchito yolimba chifukwa afika kunyumba atatopa. Koma kutopa kwa mutu sikutentha makalori ambiri. Mayi wa kumudzi, amene alawirira kumjigo ndi ndowa ya malita 20 pamutu, napita kumunda mwana ali kumsana, nabwerera ndi mtolo wa nkhuni, nasinja, naphika, anenedwa kuti "sagwira ntchito, angokhala pakhomo", ndipo pogawa chakudya alandira chotsala. Ndinena mosabisa kuti m'mabanja ambiri munthu wofuna chakudya chambiri koposa onse ndi amene adya pomalizira. Chowawitsanso mtima n'chakuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ntchito ya kumunda ifika pachimake ndipo thupi lifuna zochuluka, ndi yomwenso ufa uchepa m'dengu. N'chifukwa chake alimi ambiri awonda dzinja nabwerera m'thupi nthawi ya masika.

Amene sakonda masamu aatali achulukitse kulemera kwake ndi 30 ngati ntchito yake njopepuka, kapena ndi 35 ngati ayendayenda ndithu, ndipo sadzasokera patali.

Kodi masamu opangidwa kutsidya kwa nyanja angandiyenere ine?

Akuyenerani monga poyambira, osati monga chigamulo. Mifflin ndi anzake adayesa anthu 498 a ku America, ndipo njira yawo, ngakhale pa anthu a komweko, itha kuphonya ndi gawo limodzi mwa magawo 10, nthawi zina kuposerapo; ndiko kunena kuti mphunzitsi uja mwina afuna 1,850, mwina 2,250. Mboni yokhulupirika ndi sikelo. Dziyezeni kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa musanadye, pa sikelo yomweyo, ndipo lembani m'kope. Ngati patapita milungu 4 kulemera sikunasinthe, chimene mukudyacho ndiwo muyeso wanu weniweni, kaya masamu anena chiyani. Musatekeseke ndi kusintha kwa kilogalamu imodzi pakati pa dzulo ndi lero, pakuti zimenezo ndi madzi, mchere ndi za m'matumbo, ndipo kwa amayi zitsatanso masiku a kumwezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nsima ilibe chikalata chonena makalori ake, ndiwerenga bwanji?

Werengani ufa, osati nsima, pakuti madzi alibe makalori ndipo mitanda siilingana: chipande cha nyumba iyi si cha nyumba iyo. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360, kotero kilogalamu imodzi ili ndi 3,600. Yezani kamodzi kokha pa sikelo ya kugolosale ufa umene uthiridwa m'mphika wa banja lanu. Ngati kilogalamu imodzi itulutsa mitanda 12, mtanda uliwonse uli ndi makalori 300, ndipo munthu wodya mitanda itatu masana ndi itatu madzulo walandira kale 1,800 asanawerenge ndiwo. Kwa mlimi uja zimenezi sizikwana. Kwa mphunzitsi zatsala pang'ono kudzaza tsiku lake lonse. Mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwambiri pa makalori, koma mgaiwa usunga gaga ndi mtima wa chimanga, ukhalitsa m'mimba, ndipo upambana pa zakudya zina zofunika m'thupi.

Chitani chomwecho ndi mafuta ophikira ndi shuga, pakuti mbala zenizeni ndi zimenezi, zolowa m'thupi munthu osamva kukhuta. Lita imodzi ya mafuta ili ndi makalori oposa 8,000. Banja la anthu 5 likatha lita pa sabata, aliyense wamwa pafupifupi 230 pa tsiku osazindikira. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi 120, supuni yaing'ono ya shuga 16. Ndipo amene athira masupuni 4 mu tiyi, namwa kawiri, waonjezera pafupifupi 130. Botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300 lili ndi 130 zina, botolo la mowa wa mamililita 330 pafupifupi 140, ndipo ndani adakhalapo pa mowa namwa limodzi lokha? Mbatatesi yophika ili ndi makalori osafika 100 pa magalamu 100, koma ikalowa m'chiwaya ituluka ndi makalori owirikiza katatu. Mandasi ndi zitumbuwa ziyenda m'njira yomweyo. Koma nkhwani, mpiru, bonongwe, chisoso ndi therere zili ndi makalori 20 kapena 30 okha pa magalamu 100, kotero kuti munthu angadzaze nazo theka la mbale osaopa kanthu, pokhapokha zitasambira m'mafuta.

Ndifuna kuchepetsa thupi. Ndichotse makalori angati?

Thupi lili ngati nkhokwe: chimene chilowa koposa chimene chituluka chisungidwa, ndipo chisungidwa monga mafuta, chimene chiperewera chitapidwa m'zosungidwazo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi isunga makalori pafupifupi 7,700. Choncho amene achotsa 500 pa tsiku ataya pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata m'masiku oyamba, ndipo amene achotsa 300 ayenda pang'onopang'ono koma mosavutika. Mphunzitsi wathu akatsika kuchoka pa 2,050 kufika pa 1,600, sayenera kusiya nsima, monga ena anamizira anzawo. Achotse mtanda umodzi madzulo, achepetse shuga wa mu tiyi, asiye botolo la masana, adzaze malowo ndi masamba, nyemba, nandolo, usipa kapena dzira, kuti minofu isathe pamodzi ndi mafuta.

Dziwani kuti liwiro la poyamba silikhalitsa. Thupi likachepa lifunanso zochepa, ndipo patapita miyezi sikelo iima ngakhale munthu sanasinthe kadyedwe. Pamenepo bwerezani masamu aja ndi kulemera kwatsopano. Musayembekeze kubwerera ku thupi la pa unamwali. Kutaya magawo 5 kufikira 10 pa magawo 100 a kulemera kwanu, ndiwo makilogalamu 3.5 mpaka 7 kwa mayi uja, kuthandiza kale kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga.

Bwanji ndingodzimana kwambiri kwa mwezi umodzi kuti zithe msanga?

Kuthamanga sikufika. M'zaka za 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota adasonkhanitsa anyamata athanzi 36 amene adadzipereka kuti adziwitse dziko za njala, nawadyetsa kwa miyezi 6 pafupifupi theka la chakudya chimene ankadya. Adataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a kulemera kwawo. Koma pamodzi ndi mafuta padapita minofu, matupi awo adazizira nachepetsa kwambiri mphamvu zimene ankatha pogona, mitima yawo idadzala chisoni ndi ukali, maganizo awo onse adali pa chakudya usana ndi usiku, ndipo atamasulidwa ambiri adadya mosadziletsa kufikira mafuta adabwerera koposa kale. Ife amene makolo athu akumbukira njala ya 1949, ndi ife eni tikumbukira ya 2002, sitiyenera kuphunzitsidwa kuti njala si mankhwala. Alangizi ambiri anena kuti mkazi asatsike pansi pa makalori 1,200 ndi mwamuna pansi pa 1,500 popanda dokotala womuyang'anira. Ndipo amene amwa mankhwala a shuga kapena abaya insulini asasinthe kadyedwe asanakambe ndi achipatala, kuopa kuti shuga angatsike mwadzidzidzi. Tiyi ndi mapilisi ogulitsidwa ndi lonjezo losungunula mafuta, ambiri a iwo angotsegula m'mimba ndi kukodzetsa; chimene chichoka ndi madzi ndi ndalama.

Kodi sindingangoyenda kapena kuthamanga, n'kumadya monga kale?

Ola lathunthu loyenda ndawala litentha makalori 250 kapena 300 kwa munthu wa makilogalamu 70, ndiwo mtanda umodzi uja. Yendani ndithu, pakuti bungwe la WHO lilangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mtima, mafupa ndi tulo zipindula ngakhale sikelo isasunthe. Koma pa kuchepetsa thupi, mbale iposa msewu.

Nanga wofuna kuwonjezera thupi atani?

Ayambe wafunsa chifukwa chake wawonda. Munthu amene akutha thupi asanafune, makamaka ngati akhosomola milungu iwiri kapena kuposerapo, atuluka thukuta usiku, amva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena atsegula m'mimba kosalekeza, apite kuchipatala asanaganize za makalori, pakuti chifuwa chachikulu, HIV, shuga, khansa ndi matenda a chithokomiro zonse ziwondetsa, ndipo palibe phala limene lingachize zimenezi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Bungwe la WHO lidanena kuti munthu wamkulu amene ali ndi HIV afuna makalori owonjezera ndi magawo 10 pa 100 ngakhale asanayambe kudwala, ndi magawo 20 kufikira 30 pamene adwala.

Chifukwa chikadziwika, awonjezere makalori 300 mpaka 500 pa tsiku pamwamba pa muyeso wake. Wowonda kawirikawiri alibe chilakolako cha chakudya, ndipo kumuunjikira mitanda n'kumulemetsa chabe. Nzeru ndiyo kukometsa chochepa chimene angathe kudya, ndi kumupatsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Pano dziko lathu lidadalitsika. Magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori pafupifupi 570, kotero magalamu 50 okha, okazinga kapena osinja n'kuthira m'phala, abweretsa pafupifupi 280. Ndiwo zotendera, futali, mapeyala, nthochi, mkaka, soya, phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta: zonsezi zimanga thupi mwaulemu koposa zokazinga za pamsewu. Si mwangozi kuti chiponde chimene achipatala apereka kwa ana onyentchera chipangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, mafuta ndi shuga, ndipo kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kali ndi makalori 500. Chimenecho ndi mankhwala a mwana wodwala. Wamkulu amene amulanda kuti apake pa buledi achita tchimo. Ndipo wofuna kuti chowonjezeracho chikhale mnofu, osati mimba yokha, agwiritse ntchito manja ndi miyendo yake monga mphamvu zake zilola.

Kodi masamu awa ayenera aliyense m'banja?

Ayenera akuluakulu okha. Ana ali ndi muyeso wawo, ndipo mboni yawo ndi khadi la kusikelo ndi alangizi a zaumoyo. Mayi woyembekezera afuna makalori owonjezera pafupifupi 300 pa tsiku pakati pa ulendo wake, ndi oposa 450 m'miyezi itatu yomaliza; woyamwitsa afuna pafupifupi 500, ndipo nthawi ya pakati si nthawi yochepetsa thupi. Agogo afuna makalori ochepa koma zomanga thupi zosachepa. Ndipo munthu amene sikelo yake yakwera msanga, mapazi ndi nkhope zitatupa, sananenepe konse. Amenewo ndi madzi, ndipo mtima kapena impso ziyenera kupimidwa.

Koma kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. Ndichepetserenji thupi anthu n'kumandinena kuti ndadwala?

Funso ili ndilo lolemera koposa onse, ndipo sindilipeputsa. Anthu amene adaona njala, naikanso abale awo ambiri m'zaka zimene Edzi idalibe mankhwala, ali ndi chifukwa choopera kuwonda. Ndipo pamene apongozi anena kwa mkamwini kapena mtengwa kuti "banja lakuyanjani, thupi labwera", anena ndi mtima wachikondi. Koma matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa kwa ziwalo afika tsopano m'mizinda ndi m'midzi yomwe, ndipo agwira anthu a zaka 40 ndi 50 amene mabanja awadalira. Muyeso wa achipatala ndi uwu: gawani kulemera kwanu ndi msinkhu wanu wa m'mamita, n'kugawanso yankholo ndi msinkhu womwewo. Pansi pa 18.5 munthu wawonda mopitirira; kuyambira 18.5 kufikira pansi pa 25 ali bwino. Kuyambira 25 thupi lapyola. Kuyambira 30 lafika poopsa. Mphunzitsi uja apeza 27, mlimi uja 21. Ndipo popeza mafuta a pamimba ndi amene avulaza koposa, pali njira ina yosafuna sikelo: dulani chingwe cholingana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, muchizunguze m'chiuno cha pa mchombo, chikalephera kukumana, mimba yakula koposa muyeso.

Chotero, awerengi okondedwa, ngati chingwe chakana kukumana, kapena ngati zovala zayamba kukukhwepani musanafune, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi sabata ino, mukakwere sikelo, akakuyezeni magazi ndi shuga, ndipo mulembe ziwerengerozo m'kope lanu.